Funsani Tikuyankheni: Madzi akudya malo anga, ndimange khoma?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili ndi nyumba m'mbali mwa nyanja ndiye chaka ndi chaka madzi akungodya malo anga, mtengo womwe unali pakati pa bwalo pano mizu yake ikulendewera m'madzi. Mmisiri wina akuti atha kundimangira khoma la njerwa motchipa, koma mnzanga akuti ayi ndiitane injiniya amange chomwe amati bulkhead. Kusiyana kwake nkotani, si khoma lomwelo basi? Ndalama zanga nzochepa. Ndine bambo wodandaula.

YANKHO: Bambo, mwachita bwino kufunsa musanagule olo thumba limodzi la simenti. Mnzanuyo akunena zoona, ndipo khoma la njerwalo ine ndikukuletsani.

Bulkhead ndi khoma loima chilili m'mphepete mwa madzi, koma ntchito yake yeniyeni ndi kugwira dothi la kumtunda kuti lisagumukire m'madzi, zotchinga mafunde nzachiwiri. Apa ndi pomwe ambiri amasochera. Timalimbana ndi mafunde chifukwa ndi amene timawaona, koma makoma ambiri otere amagwa ndi zomwe zikuchitika kuseri kwake ndi pansi pake, komwe maso safika.

Tiyambe ndi kuseri. Mvula ikagwa yambiri, kapena nyanja ikadzaza kenako nkuphwa msanga, dothi la kumtunda limatsala lokhuta madzi, ndipo madzi amalemera, kiyubiki mita 1 ndi tani 1. Akaima mita 1 kuseri kwa khoma pomwe kutsogolo kwaphwa, amakankha ndi mphamvu ya theka la tani pa mita iliyonse ya khomalo, koma akafika mamita 2 mphamvuyo imalumpha kanayi nkufika matani 2, ndiye muonjezerepo dothi lenilenilo lomwe nalonso likukankha. Njerwa zimapirira katundu wozitsamira kuchokera pamwamba, koma kukankhidwa cham'mbali chonchi zimang'aluka m'mizere ya simenti ija nkugwa. Mmisiri wanuyo atha kukhala katswiri pomanga nyumba, sindikumunyoza, kungoti iyi ndi ntchito ina.

Injiniya amayamba wayeza kaye dothi, kaya ndi mchenga, dongo kapena pali thanthwe pansi, nkufufuzanso pomwe madzi amafika akadzaza kwambiri ndi pomwe amatsikira akaphwa. Izi musazione mopepuka. Nyanja ya Michigan ku America inatsika kwambiri mu Januwale 2013, pofika 2020 inali itakwera pafupifupi mamita 2 ndipo nyumba zina zinagwera m'madzi. Khoma lomangidwa pongoyang'ana pomwe madzi ali lero limakhala lalifupi kapena losazama nthawi yomwe mukulifuna kwambiri.

Kenako amakhomera pansi zipepala zolumikizana, zachitsulo, za pulasitiki yolimba ya vinyl, matabwa othiridwa mankhwala kapena konkire ya zitsulo mkati. Nthawi zambiri gawo lokwiririka limatalika mofanana ndi looneka pamwambalo kapena kuposa, ndiye mukaona khoma la mita ndi theka dziwani kuti ndalama zambiri zalowa pansi. Cha pamwamba pake khomalo amalimangirira ndi ndodo zachitsulo zomwe zimakagwira nangula wa konkire kapena mizati yokwiriridwa patali kumtunda, kunja kwa dothi lomwe lingagumuke. Nangulayo akayandikira khoma palibe chomwe wachita, zonse zimapitira limodzi. Kuseri amathira miyala ing'onoing'ono, amayala nsalu yapadera yotchedwa geotextile yomwe imalola madzi kudutsa koma dothi ayi, nkuboola timabowo totulutsira madzi. Timabowoti anthu amatiderera ndipo ena amatitseka ndi simenti poganiza kuti mmisiri analakwitsa, chonsecho ndi tomwe timapulumutsa khoma.

Pansi pakenso pali nkhani. Funde likamenya khoma loongoka silitha mphamvu monga limachitira likamakwera pamchenga, limabwerera ndipo lina limatsikira pansi nkumakumba patsinde, pang'onopang'ono khomalo limatsala lopanda pogwira nkuyamba kupendekera. Nchifukwa chake amayala miyala ikuluikulu patsindepo. Kumapeto konse kuwiri khomalo liyenera kukhotera kumtunda, apo ayi madzi amalizungulira nkudya dothi kuchokera m'mbali. Ndipo bambo, lankhulani ndi oyandikana nawo musanayambe, chifukwa khoma lanu litha kufulumizitsa kukokoloka kwa malo awo pomwe lathera paja, pakhala milandu yosafunika. Mukamanga limodzi zimalimba komanso ndalama za makina mumagawana.

Koma funso lalikulu lomwe ndikufuna mukamufunse injiniyayo ndi ili, kodi malo anuwo ngoyeneradi bulkhead? Makoma amenewa amachita bwino pamadzi odekha, m'ngalande, m'madoko, m'mbali mwa mitsinje yoyenda pang'onopang'ono. Ngati kutsogolo kwanu kuli madzi aatali makilomita ambiri pomwe mphepo imathamanga osatchingidwa nkukweza mafunde akuluakulu, miyala yoyalidwa motsetsereka pamwamba pa nsalu ija imachita bwino kuposa khoma loongoka chifukwa funde limasweka m'mipata ya miyalayo. Dziwaninso kuti ngati pali kamchenga komwe ana amasewerapo, khoma likaima kamchengako nthawi zambiri kamatha pakapita zaka, madzi amafika pakhoma penipeni. Ena izi amazidziwa mochedwa ndipo zimawawa.

Palinso njira yoteteza gombe ndi zomera, bango, udzu wa mizu yozama ndi mitengo yokonda madzi, nthawi zina ndi kamzere ka miyala kutsogolo kofooketsa mafunde. Dera la Maryland ku America linakhazikitsa lamulo mu 2008 loti eni malo aziyamba ndi njira imeneyi pokhapokha malowo akhale osatheka. Ndipo namondwe wotchedwa Irene atawomba dera la North Carolina ku America komweko mu 2011, ofufuza anapeza makoma ambiri ataonongeka m'madera omwe anamenyedwa kwambiri pomwe magombe a udzu ndi miyala anapirira. Poti ndalama zanu nzochepa, ngati madzi a kwanuko ngodekha ine ndikanayambira pamenepa. Koma ngati nyumba yatsala pafupi kwambiri ndi phompho, zomera sizingakule msanga kuti zikupulumutseni, pamenepo khoma lomangidwa bwino ndiye lofunika.

Ndalama zoyamba lipirani injiniya abwere adzaone malo ndi kujambula pulani, musanakambirane ndi kontrakitala aliyense. Kontrakitalayo akuonetseni makoma omwe anamanga kalekale, osati a chaka chatha, ndipo zakuya kwa zipepala, nangula ndi nsalu zilembedwe mu mgwirizano. Tsiku lokwirira mukhalepo, mujambule zithunzi. Chilolezo cha boma musachizembe, m'mayiko ambiri kumanga m'mphepete mwa madzi popanda chilolezo kumathera kogumulitsidwa ndi ndalama zanu zomwe. Pakadali pano madzi a padenga ndi a pabwalo muwapatutse asamatsikire pagombe pomwe pakugumukapo, bango musatche, galimoto ndi milu ya njerwa zichoke m'mphepete, ndipo zotayirapo matayala ndi zigumu za nyumba zisiyeni, mafunde amangozimwaza.

FUNSO: Ife khoma tili nalo kale, tinalipeza pogula nyumba. Koma kuseri kwake kukumachita timaenje pa kapinga, tikakwirira timabweranso. Tizingothira dothi? Ndine mayi wowerenga.

YANKHO: Ayi mayi, kuthira dothi kokha sikuthandiza. Timaenjeto tikukuuzani kuti dothi likuthawira m'madzi, mwina kudzera polumikizira zipepala, pa mng'alu, pansi pa khoma, kapena nsalu ija inang'ambika kaya sinaikidwe nkomwe. Pansi pa kapingayo patha kukhala mphako yaikulu kuposa kadzenje mukukaonako, ndiye ana asamasewere pamenepo. Madzi akaphwa tsikirani kutsogolo muone ngati pali timilu ta dothi patsinde, dzimbiri pa mabawuti, matabwa ofumbwa, komanso muime kumapeto muyang'ane ngati mzere wa khoma uli woongoka kapena watupa penapake. Timabowo totulutsa madzi mutitokose ngati tatsekeka. Ngati khoma likadali chilili, akatswiri amakumba kuseri, kutseka podontha, kuyala nsalu yatsopano ndi miyala nkukwiriranso, ntchito yosafuna ndalama zoopsa. Likayamba kupendekera ndiye kuti nangula kapena tsinde lagonja, pamenepo muitane injiniya msanga mvula isanayambe.