Yankho kwa achemwali a digiri ya za nsomba amene akusaka sikolashipu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munamaliza digiri ya za nsomba ku Mzuni zaka zitatu zapitazo, panopa mukungogwira maganyu a kalembera kuno ku Mzuzu, ndipo mukufuna kudziwa komwe mungapitirize maphunziro poti ndalama za masters mulibe. Ndaona ena akuyankhani kale kuti "pitani kunja basi". Ine mundipirire, nditalikitsa pang'ono, chifukwa njira imeneyi ndinadutsamo ndipo minga yake inandibaya.

Malo alipo. Konkuno kwathu, ku Bunda kuli AquaFish, nthambi ya maphunziro apamwamba a za nsomba, yomwe inayamba mu 2016 ndi thandizo la World Bank motsogozedwa ndi Pulofesa Emmanuel Kaunda. Kumeneko kuli masters ndi PhD, ndipo m'kalasi mumakhala ndi anzathu ochokera m'mayiko ena a mu Africa. Muzisuzumiranso zolengeza za masikolashipu a RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa zaulimi, ndi a Commonwealth. Ku South Africa kuli Rhodes, mumzinda wa Makhanda, yomwe pa nkhani ya kudziwa mitundu ya nsomba ndi akatundu omanga ndi mawaya. Pa ulimi wa nsomba anthu amatchula Stirling ku Scotland ndi Ghent ku Belgium. Norway kale inali yaulere, koma kuyambira 2023 ophunzira ochokera kwathu kuno amalipira fizi, ndiye musadalire nkhani za akale. Palinso maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi ku Iceland, amene anayamba mu 1998. Amenewo ndi abwino zedi, kungoti amatenga anthu amene ali kale pa ntchito ya za nsomba, ndipo dzina limadzera ku malo anu a ntchito.

Koma mayina amenewa mukanawapeza nokha pa Google. Chimene palibe anandiuza ine n'chakuti onsewa amafunsa zinthu ziwiri: funso limene mukufuna kufufuza ndi lotani, ndipo chimalizireni digiri mwachitapo chiyani ndi manja anu?

Ine ndinakanidwa kawiri. Kalata yanga inkati ndikufuna kutukula gawo la nsomba m'Malawi ndi kuthetsa umphawi. Ndikaiwerenga lero ndimaseka ndekha, chifukwa aliyense amalemba zomwezo. Ndinali ndi fayilo yodzaza masatifiketi a mawekishopu, ena a masiku awiri ku hotelo ya m'mbali mwa nyanja, komwe kunena zoona tinkangodikira kusaina alawansi. Sindikunyoza alawansi ayi, inandilipirira lendi ku Chibavi miyezi ingapo. Koma palibe satifiketi ngakhale imodzi mwa amenewo imene inandiphunzitsa kuyankha funso.

Chimene chinandisintha ndi doko lina ku Nkhata Bay. Mphunzitsi wanga wakale anandipempha kuti ndizimuyezera usipa, osalipidwa, iye kungondipatsa ya minibasi. Ndinkafika kusanache, nditanyamula thabwa loyezera, sikelo ya batire ndi kope lomwe linkanyowa tsiku lililonse mpaka ndinaphunzira kulemba ndi pensulo. Maboti akangokocheza, amayi ogula amathamangira ndi mabeseni, ndipo iwe wa kope palibe amene amakuwerengera. Umapempha usipa wodzaza manja, kuyeza kamodzikamodzi, mamba atakumatira mpaka m'zigongono, mwini wake ali chiimire kudikira nsomba zake. Apo m'pamene ndinazindikira kuti pa doko sagulitsa pa kilogalamu koma pa ndowa ndi pa beseni, ndipo ndowa yosefukira ndi yongofika m'milomo si zofanana. Ukalakwitsa posintha ndowa kupita ku makilogalamu, chiwerengero chonse chimene chikafike ku likulu chimakhala chabodza, ngakhale lipoti lake likhale la Chingerezi chothyakuka bwanji.

Tsiku lina ndinadandaula kuti nsomba zatsika kwambiri sabata imeneyo. Siginala wina wachikulire, uja amakhala m'bwato ndi nyali kukopa usipa kuti ulowe mu ukonde wa chilimira, anangondiyang'ana n'kuloza kumwamba. Mwezi unali ukuwala, ndipo mwezi ukawala usipa sulabadira nyali. Zaka zinayi za ku Mzuni ku Luwinga, koma ine ndinali ndisanaganizepo zoika mwezi pa fomu yanga. Anandiuzanso kuti chiyambireni kugwiritsa ntchito mababu a batire m'malo mwa nyali za palafini, ulendo umodzi wa lero si wofanana ndi ulendo umodzi wa kale. Ndiye mukamayerekeza nsomba zogwidwa pa ulendo umodzi chaka ndi chaka, mukuyerekeza chiyani? Onjezanipo mwera wa mu June ndi July umene umakhazika asodzi kumtunda. Funso limenelo ndi lomwe ndinalemba m'kalata yachitatu, ndipo ananditenga.

Choncho pamene mukudikira, phunzirani R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira ziwerengero. Ndi yaulere, imagwira ngakhale pa laputopu yotopa, ndipo muli TropFishR yomwe imatenga kutalika kwa nsomba zimene mwayeza n'kukupatsani kakulidwe ndi kafedwe kake, ntchito imene akuluakulu athu ankachita ndi pulogalamu ya FiSAT. Miyezi iwiri yoyamba mudzafuna kuponya laputopuyo kunja, limbani mtima. QGIS yojambulira mapu ndi KoboToolbox yolembera mayankho a kafukufuku pa foni mudzazitola mosavuta, makamaka inu amene mwazolowera kalembera. FAO ili ndi maphunziro aulere pa intaneti, FishBase, nkhokwe ya pa intaneti ya mitundu ya nsomba, ndi yaulere, ndipo ku laibulale ya yunivesite funsani za AGORA kuti muziwerenga magazini a kafukufuku osalipira. Gulani bandulo ya usiku, dawunilodani zambiri, muziwerenga masana.

Kafukufuku wanu wa chaka chomaliza uja ali kuti? Mufukuleni, pitani kwa amene anakuyang'anirani, mumufinye akhale pepala lotsindikizidwa. Koma chenjerani ndi magazini amene amakulemberani okha n'kulonjeza kutsindikiza m'sabata imodzi mukalipira madola. Amenewo ndi anamatchaya, ndipo osankha anthu a sikolashipu amawadziwa.

Komanso musaganize kuti sayansi ya nsomba imathera pa kuwerenga chambo ndi utaka. Matenda a zilonda aja a EUS atabuka ku Mchinji mu 2020, tonse tinaona kuti odziwa za matenda a nsomba ndife owerengeka. Zakudya za nsomba za m'madamu, mbewu yabwino ya makumba ndi chilunguni, kuwonongeka kwa usipa pa thandala nthawi ya mvula, zonsezi zikusowa eni ake. Lamulo la nsomba la 1997 ndi ndondomeko ya 2016 muziwerenge bwinobwino, kenako mukakhale pansi pa msonkhano wa BVC, komiti ya m'mudzi yoyang'anira usodzi pa doko, mumve mmene zimayendera zikafika pa mchenga. Ku chilumba cha Mbenji ku Salima, Gogo Chalo Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira kalekale popanda kudikira wa digiri. Ngati Chitonga simuchidziwa, yambani ndi moni, pa doko chimatsekula zitseko kuposa kalata ya ku ofesi.

Pasipoti ndi transikiripiti konzeranitu, chifukwa malonda a sikolashipu amatuluka nthawi yotseka ili pafupi. Ukakhala mwayi wokagwira ntchito yongodzipereka ku malo a kafukufuku wa nsomba ku Monkey Bay kapena ku Domasi, ngakhale mwezi umodzi, musaukane.

Loweruka likubwerali ndikutsikira ku Nkhata Bay ndi ana asukulu awiri kukayeza usipa, ndipo thabwa lachitatu lilibe mwini. Ngati mukufuna, ndipezeni ku inbox. Tigona komweko Lachisanu, ndiye tengani juzi, pensulo ziwiri ndi nsapato zoti zinyowe.