Msuweni, mtsikanayo usamuchotse mu timu

Eee, msuweni, voisi yako ija ndaimva. Pepa kuchedwa, foni inathima, ndachita kukatchajitsa pa Santhe. Wafunsa ngati n'zoona kuti netibolo imafooketsa mafupa, poti mnzake wa mwana wako wathyoka mkono pabwalo. Koma iwe ndimakudziwa. Ukufuna wina pagulu pano anene kuti “muletse”, kuti mtsikanayo akamalira uziti achibale ndiwo agamula. Ndanama? Usaseke. Ndipo manthawo ndikudziwa kumene anachokera, ndi mkono wa amalume.

Amalume a ku Chamama ndikunena, osati awa akuwerenga mwakachetechete panowa. Inu ana mumangodziwa kuti mkono wawo wamanzere ndi wokhota. Anali goloboyi wa timu ya pa esiteti, nthawi ya Kamuzu, ali ndi zaka 15... ayi, 14, chifukwa chinali chaka chimene agogo anasamuka kudambo kuja. Anadumphira mpira, n'kugwera chikhatho. Dzanja linatupa ngati mtanda. Inali nyengo yosoka fodya, munthu woti awakweze panjinga kupita kuchipatala panalibe, ndiye agogo anangowathowa ndi madzi otentha, n'kuwamanga nsungwi ndi luzi. Anapola, inde, koma fupa linagwirana mopotoka. Kuchokera pamenepo mpira unasanduka mdani. Ukukumbuka chikulunga chathu chija anachiponya padenga la chigafa? Tinalira tsiku lonse. Koma Loweruka Bullets ikamasewera ndi Wanderers, wailesi inkakhala pakhutu pawo, munthu osayerekeza kuwalankhula. Ndiye pa chinkhoswe chija, ndikuwapatsa thobwa, anandigwira ndi dzanja lomwelo n'kunena chapansipansi kuti mpira sunawalakwire, chinawapweteka ndi kuchedwa kuchipatala. Ndinasowa chowayankha, msuweni. Zaka zonsezo akulanda mipira ya ana, mumtima akudziwa.

Aaa, ndafika pati? Eya, mafupa. Ine zamasewera ndaphunzitsa zaka zambiri, ndiye mvera. Fupa limalimba likamalemedwa. Kudumpha, kuthamanga, kuima mwadzidzidzi ngati mmene amachitira pa netibolo, ngakhale jingo imene tinkadumpha ife, zonsezo zimachititsa fupa kuti likhuthale. Kupalasa njinga ndi kusambira n'kwabwino pamtima koma fupa sikulimanga chimodzimodzi. Ndipo nthawi yake ndi inoyi. Mtsikana akamafika zaka 18, mnyamata 20, pafupifupi magawo 90 pa 100 a mafupa ake amakhala atamangika kale. Zimene wasunga panopo ndi zimene adzadalire ali gogo.

Koma sindikubisa, kuthyoka kulipo. Mwana akamatalika mofulumira, atsikana cha pa zaka 11 kapena 12, anyamata 13 kapena 14, fupa limayamba latalika, kulimba kumabwera pambuyo. N'chifukwa chake ambiri amathyoka pamkono, pafupi ndi chikhatho, akagwa n'kutsamira dzanja, ngati amalume aja. Komanso kumapeto kwa fupa, kumene limakulira, kumakhala kofewa. Zimene ife timati wangobinya, kwa mwana nthawi zina ndi pamenepo pang'aluka. Dzanja likatupa, akamakana kuligwiritsa ntchito, kapena mwendo akamalephera kuponda, tsiku lomwelo ku Kasungu boma akamujambule. Osathowa, osakoka. Akamuika chikhakha, mwana amapola pa masabata 4 mpaka 6 nthawi zambiri.

Tsono chimene ndimafuna ndikuuze ndi ichi: musiye mtsikanayo azisewera, koma uzimudyetsa. Ndinamuona pa Khrisimasi, watalika ngati bango, nsima akungoidona. Fupa limafuna kashiamu, mchere wa m'zakudya umene umalilimbitsa. Usipa ndi matemba azidya ndi minga yomwe, bonongwe, nkhwani wotendera, soya, chambiko chikapezeka. Dzuwa lokha ndiye tili nalo, limathandiza thupi kupanga vitamini D. Amuna pagulu pano mundikhululukire, koma mtsikana wosewera kwambiri, wodya pang'ono, mwezi ukayamba kumudumpha, mafupa ake amayamba kuchepa mphamvu. Akamadandaula kuwawa pamsongolo malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, apume, akamuone kuchipatala. Zimenezo umufunse iwe mayi wake, kuseri, mofatsa.

Mwawi Kumwenda uja anasankhidwa wosewera bwino kuposa onse pa mpikisano wa netibolo wa dziko lonse lapansi wa 2015 ku Sydney, anakulira kumudzi ku Mzimba, pamabwalo afumbi ngati athu omwewa. Sindikuti wakoyo akafika kumeneko, iyayi, mwina akafika, ndani akudziwa. Ndikungoti usamuchotse. Kumukhazika pakhonde sikumuteteza, mafupa ake ndi amene aluze.

Ndiye wamva? Azisewera, azikhuta, akagwa chipatala tsiku lomwelo. Nsapato zija ndinalonjeza ndimutumizira pa minibasi Lachisanu, undiuze saizi yake. Ndipo amalume ukawaona usawauze kuti ndaulula za pachinkhoswe zija.