Nkhuku ya ku Riverwood ndi mbiri yogula ndi golide

Mwandilembera kuti munapha nkhuku ku Riverwood mu Skyrim, mudzi wonse n'kukuthamangitsani ndi malupanga, ndiye mukufunsa ngati gemuyo yawonongeka. Ayi achimwene, siinawonongeke. Funso lanuli landifika pamtima chifukwa nanenso zinandigwera.

Ndinkasewera pa kompyuta ya mlamu wanga usiku, mawu nditatsitsa kuti ana asadzuke. Nkhuku inangodutsa, ine lupanga khwapu! Posakhalitsa wosula zitsulo yemwe anandipatsa chakudya ndi pogona uja anali pambuyo panga. Zinandipweteka ngati wandikana m'bale weniweni, moti ndinazimitsa kompyuta n'kukagona.

Lero ndimati anthu aja ankalondola. Skyrim, yomwe inatuluka mu 2011, ili ndi zigawo 9, ndipo chilichonse chimasunga mlandu wakewake. Riverwood ili m'chigawo cha Whiterun, choncho mukafika ku Riften, mzinda wa m'chigawo china, alonda sakudziwani. Komanso mlandu umafuna mboni: popanda wokuonani palibe chindapusa, koma mukaoneka mukupha munthu ndi golide 1,000. Mbiri imayendadi choncho, ndi maso ndi pakamwa.

Imene sindigwirizana nayo mpang'ono pomwe ndi ya Baldur's Gate ya 1998, ngakhale gemuyo ndimaikonda kwambiri. Kumeneko mbiri yanu ndi nambala imodzi, kuyambira 1 mpaka 20, ndipo dziko lonse limaidziwa nthawi yomweyo. Ikakwera mitengo m'masitolo imatsika, ikatsikitsitsa asilikali a Flaming Fist amakusakani. Mukapha wosalakwa imagwa, koma mukapita kukachisi n'kupereka golide imakweranso. Magazi a munthu n'kufufutika ndi thumba la ndalama? Zimenezo zimandiwawa. Ndiye taonani za Viconia, mkazi yemwe mungayende naye mu gemuyo: mukangomulola kulowa m'gulu lanu mbiri imatsika ndi 2, asanalakwe kanthu, chabe chifukwa ndi wa mtundu wa drow, wokhala pansi pa nthaka, womwe anthu amauopa ndi kudana nawo. Poyamba ndinakwiya nazo, kenako ndinaona kuti apa pokha gemuyo yanena zoona za mmene anthu amaweruzira mlendo. Sindinamusiyepo panjira.

Gemu ya World of Warcraft nayonso ili ndi kake: kukondweretsa achifwamba apanyanja otchedwa Bloodsail Buccaneers ndiye kudana ndi a ku doko la Booty Bay. Simungakomere onse.

Nanga muchite chiyani?

Bwezerani lupanga m'chimake pamaso pa mlonda, mulipire chindapusa kapena mukagone kundende. Zikakanika, bwererani pomwe munasunga gemu nkhukuyo isanafe.