Kodi aganyu a ku Angonia alandire nawo chimanga cha mpingo?

Mayi wina wa kufupi ndi Tsangano wanditumizira imelo. Akuti mpingo wawo unasonkha chimanga chothandizira osowa m'miyezi ya njala, koma pabuka mkangano. Pali mabanja ochokera ku Angonia, mbali ya Mozambique, amene amagwira ganyu m'minda ya kachewere. Amapemphera nawo, koma alibe makalata a mpingo. Ena akuti asalembedwe, makamaka poti chaka chatha waganyu wina anathawa ndi njinga ya mkulu wa mpingo. Funso lawo ndi ili: "Timaphunzira kuti tinapulumuka mwa chisomo, osati ndi ntchito. Ndiye tikawasiya, tachimwa?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Yankho langa ndi lakuti alembeni, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Za chisomozo simunalakwitse. Aefeso 2:8-9 akunenadi choncho, ndipo palibe thumba la chimanga lingagule Kumwamba. Koma musatseke Baibulo pamenepo. Ndime 10 ikuti tinalengedwa mwa Khristu kuti tichite ntchito zabwino. Ndime 12 ikukumbutsa Aefeso kuti kale anali alendo opanda chiyembekezo, ndipo ndime 19 ikuti tsopano ndi a banja la Mulungu. Kwa Paulo, munthu wopulumutsidwa ndi munthu amene anali panja, kenako n'kulowetsedwa m'nyumba.

Mbiri yonse ya chipulumutso imayenda motero. Abrahamu anauzidwa kusiya kwao, nakhala mlendo ku Kanani mpaka anachita kugula manda oikamo mkazi wake Sara. Zidzukulu zake zinapita ku Aigupto chifukwa cha njala, osati kukacheza. Mulungu atawatulutsa mu ukapolo, anawalamula pa Levitiko 19:33-34 kuti mlendo azimukonda monga adzikondera okha, chifukwa iwonso anali alendo ku Aigupto. Taonani dongosolo lake: anayamba wawapulumutsa, lamulo linabwera pambuyo. Sanawauze kuti achereze alendo kuti awaombole. Anati akumbukire kumene anawatola.

Ine amene amandigwira mtima kwambiri ndi Rute. Anali Mmoabu, wamasiye, wokunkha m'munda wa eni kuti apeze chakudya cha tsikulo. Akanakhala lero tikanati waganyu. Boazi anauza anyamata ake kuti asamuvute, ndipo azimugwetsera dala ngala zina. Mayi ameneyu ndiye agogo a Jese, bambo ake a Davide, ndipo dzina lake lili pa mndandanda wa makolo a Yesu pa Mateyu 1. Yesu mwini ali khanda anathawitsidwira ku Aigupto, ndipo pa Mateyu 25:35 akudziika m'malo mwa mlendo amene tinamulandira kapena kumukana.

Koma inu a ku Ntcheu simukufunika kupita kutali chotero. Nkhondo ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, itakula cha mu 1986, anthu anakhamukira m'Malawi mpaka kupitirira miliyoni imodzi. Kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri sanakhale m'misasa ayi, anakhala m'midzi, pakati pa anthu a chilankhulo chimodzi, ena achibale enieni. Nkhuni zinasowa, mitengo inatha m'mapiri, zipatala zinadzaza. Sizinali zophweka, komabe makolo athu anapirira mpaka mtendere unasainidwa ku Rome mu 1992. Mu mpingo mwanumo muli agogo amene anapatsa anthuwo malo omangapo nyumba. Afunseni. Ndipo mukaima pa Lizulu, msewu wa M1 ndiwo malire: uku Malawi, uko Mozambique, msika umodzi. Zimandiwawa kuti mzere umene unajambulidwa ndi atsamunda ulowe m'kaundula wa osauka a Ambuye.

Za njinga sindikuzipeputsa. Kuba n'kuba, ndipo mwini wake ali ndi chifukwa chodandaulira. Koma anaba ndi munthu mmodzi, osati ana amene akugona ndi njala lero. Akanaba mwana wa m'mudzi momwemo, kodi mukanamana chimanga mbumba yake yonse? Kulandira mlendo sikuti kutaya nzeru. Mabanjawo akadziwike kwa a nyakwawa, monga mwa mwambo, ndipo a komiti akawaone kumene akukhala, ngati mmene achitira ndi wina aliyense.

Ngati chimanga n'chochepa, muyeso ukhale umodzi kwa onse: ndani ali ndi ana ang'ono, ndani akudwala, ndani alibe pogwira. Kalata ya mpingo ndi nkhani ya mgonero ndi maudindo, imeneyo aisamale abusa ndi akulu a mpingo.

Pokakamba nkhaniyi ku komiti musapite nokha. Tengani mmodzi mwa agogo amene anaona za 1986 aja, ayambe ndiwo kulankhula, inu muwerenge Aroma 15:7 pambuyo pake. Ndipo musadikire tsiku logawa kuti mudziwane nawo. Lamulungu likubwerali amayi a mabanjawo muwaitane adzakhale nanu kutsogolo, mufunse mayina a ana awo. Mudzandilembere mmene msonkhano wayendera.