Chifukwa chake banja la Dreyfus linalandira chikhululukiro

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa kuti, ngati Alfred Dreyfus, kapitawo wachiyuda wa asilikali a ku France, analidi wosalakwa, abale ake anavomereranji kuti akhululukidwe mu 1899, popeza wokhululukidwa amakhala wolakwa.

Mayi, funso lanulo ndi lomwe linagawanitsa anthu amene ankamenyera Alfred ufulu, ndipo ine ndili kumbali ya banja. Alfred atamangidwa mu Okutobala 1894 pomunamizira kuti ankagulitsa zinsinsi za asilikali ku Germany, mkulu wake, Mathieu, anasiya fakitale ya nsalu ya banja lawo ku Mulhouse n'kusamukira ku Paris, nthawi imene makamu ankafuula m'misewu kuti Ayuda aphedwe. Khoti la asilikali litamupeza wolakwa, Alfred anatsekeredwa pa chilumba cha akaidi cha Devil's Island zaka zinayi, mkazi wake, Lucie, akumulimbitsa mtima ndi makalata amene akuluakulu ankayamba awerenga kaye.

Mathieu anachita zonse zimene akanatha, ndipo zina zinapweteka yemwe ankafuna kumupulumutsa. Mu 1896, poona kuti dziko layamba kuiwala nkhaniyo, anafalitsa mphekesera yoti mng'ono wake wathawa. Boma linakwiya, ndipo kwa milungu ingapo Alfred ankagona miyendo ili m'matangadza omangirira kubedi, zitsulozo zikumudya akakolo. Sindikukhulupirira kuti munthu amene wasenzapo mlandu wotere mumtima angasewerenso ndi moyo wa m'bale wake. Anali Mathieu yemweyo amene mu Novembala 1897 anatchula poyera dzina la wolakwa weniweni, msilikali wina wa ku France wotchedwa Esterhazy, munthu wina atazindikira kalembedwe kake pa chithunzi cha kalata yotchula zinsinsi za asilikali yomwe inamangitsa Alfred.

Mlandu wa Alfred utazengedwanso, khoti la asilikali la mumzinda wa Rennes n'kumugamula zaka 10 mu Seputembala 1899, iye anali atafookeratu ndi matenda a pachilumba. Anthu monga Georges Picquart, mkulu wa asilikali amene anatulukira kuti Alfred ananamiziridwa, ankafuna kuti Alfred akane chikhululukiro kuti mlandu upitirire, koma kwa iwo Dreyfus anali mlandu, pamene kwa Mathieu anali mwana wa mayi ake, bambo wa Pierre ndi Jeanne. Pulezidenti wa France, Émile Loubet, anasaina chikhululukirocho, Alfred n'kutuluka, koma sanasiye kunena kuti ndi wosalakwa.

Pa 12 Julaye 1906 khoti lalikulu la apilo linafafaniza chigamulo cha ku Rennes, ndipo patapita masiku ochepa Alfred anavekedwa mendulo yaulemu ya Légion d'honneur ku École Militaire, sukulu ya asilikali ya ku Paris, malo omwe anamuthyolera lupanga lake pamaso pa anthu mu Januwale 1895.