Mwana wafunsa mathero a nkhani, inu mukumukalipira?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu ndipo sindili pantchito, ndimasamalira pakhomo. Kuyambira ndili pasukulu ndimakonda kulemba nkhani ndi ndakatulo. Ndimalemba usiku ana akagona, m'kope lomwe ndimabisa pansi pa matiresi. Bambo a kunyumba amati zimenezi sizibweretsa ndalama, ndikungotaya nthawi. Tsiku lina anawerengera anzawo ndakatulo yanga, onse n'kumafa nazo kuseka. Nayenso mwana wanga wamkazi wa zaka 10 analipeza kopelo n'kumandifunsa kuti mtsikana wa m'nkhaniyo zimuthera bwanji, moti ndinamulanda n'kumukalipira. Kodi ndisiye kulemba kuti pakhomo pakhale mtendere?

Mayi wothedwa nzeru

Amayi,

Za bambowo sindichedwapo. Mwamuna wotenga zolemba za mkazi wake n'kumaseketsa nazo anzake wachita chipongwe, ndipo ine sindimuikira kumbuyo. Auzeni maso ndi maso, ana palibe, kuti zinakupwetekani ndipo kopelo asadzaligwirenso musanawalole. Kusiya kulemba ndiye ayi. Mtendere woti mwini wake akulira chamumtima sukhalitsa.

Chimene chandigwira mtima n'chomwe mwachitchula mongodutsa. Mwana wa zaka 10 wakhala pansi yekha, popanda mphunzitsi womuumiriza, wawerenga zolemba zanu zapamanja mpaka pomwe munalekezera, ndipo mtima wake sunakhazikike mpaka wabwera kudzafunsa mathero. Mukudziwa kuti alembi ambiri amalakalaka chimenechi? Ana sanyengerera munthu. Nkhani ikakhala yosakoma amaisiya patsamba loyamba n'kuthamangira kosewera. Uyu sanaisiye. Inu m'malo mokondwa mwamulanda kope, ukali womwe unayenera kupita kwa bambo ake mwautulira pa iye. Pamenepa mwalakwa, ndipo mukamupepese.

Ndimanena kawirikawiri, ndipo sindidzatopa: mwana wamkazi amaphunzira zomwe mkazi amaloledwa poona mayi ake. Akakuonani mukuchapa, kuphika ndi kulera masana onse poyera, koma cholembera mukuchigwira mobisa ngati mwaba, adzadziwa kuti ntchito yotumikira ena ndiyo yovomerezeka, pamene luso lake n'lochititsa manyazi. Mawa iyeyo akadzakonda kujambula kapena kuimba, adzabisanso. Mayi wokhala pakhomo amadzuka woyamba n'kugona womaliza, salandira malipiro, alibe tchuthi. Ndiye ola limodzi lolemba achite kupempha kwa ndani? Funso lakuti "zibweretsa ndalama zingati" limandinyansa, chifukwa palibe amalifunsa kwa bambo wokhala maola awiri akuonera mpira.

Simuli woyamba. Buchi Emecheta, mlembi wa ku Nigeria yemwe ankakhala ku London, mwamuna wake anamuwotchera buku lake loyamba lisanasindikizidwe. Analera yekha ana asanu, uku akugwira ntchito, uku akulemba. Buku lowotchedwalo analilembanso, ndipo linatuluka mu 1976 ndi dzina loti The Bride Price. Sindikuti banja lanu lithe ngati lake, ayi. Ndikuti nkhani ikakhala mwa munthu, moto suyimaliza, nanji kuseka kwa anzawo a bambo.

Kopelo lichotseni pansi pa matiresi. Muzilemba patebulo, masana, wamng'ono akagona, ngakhale kwa mphindi 20 zokha, ndipo ana azolowere kuti amayi akagwira cholembera sasokonezedwa pokhapokha pali vuto. Zomwe mwamaliza muzizijambula pafoni kuti kope likanyowa kapena kung'ambidwa musataye zonse. Nkhani ya mtsikana ija imalizeni sabata ino ndipo woyamba kumuwerengera akhale mwana wanuyo. Akakuuzani kuti penapake sanamve bwino, musakwiye, bwererani pamenepo mukonze.

Azakhali