Wotchi yatsopano ikuthamanga masekondi 20 pa tsiku: kodi ndaberedwa?

Achimwene ena a ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, anditumizira imelo sabata yatha. Anagula wotchi ya Seiko yosayendera batire, ya makina a 4R36, koma akaiyerekeza ndi foni ikumathamanga masekondi 20 tsiku lililonse. Akufuna kudziwa ngati anawagulitsa yowonongeka.

Achimwene, mtima m'malo, wotchiyo ili bwinobwino. A Seiko eni ake amanena kuti makina amenewa akhoza kuthamanga mpaka masekondi 45 kapena kutsalira mpaka 35 pa tsiku, ndipo tsikulo lili ndi masekondi 86,400. Ngakhale mawotchi odula amene bungwe la COSC ku Switzerland limawayesa kwa masiku 15 amaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kuthamanga 6. Wotchi ya batire ya ku Taifa Market imasunga nthawi kuposa onsewa, chifukwa kamwala kake ka quartz kamanjenjemera maulendo 32,768 pa sekondi, pamene kagudumu ka m'wotchi yanu kamagunda maulendo 6 okha. Kagudumu kameneka kamamva chilichonse: mmene mwaigonekera wotchi usiku, kuzizira kwa mu Juni kwa kwathu kuno, ngakhale mphamvu yotsala mu sipuling'i yaikulu imene imayendetsa wotchiyo.

Ine chimene ndimayang'ana n'chakuti kaya ikulakwitsa mofanana. Kwa sabata yathunthu, m'mawa uliwonse nthawi yomweyomweyo, lembani m'kope kusiyana kwake ndi foni. Ikakhala 20, 19, 21, makinawo ndi athanzi, ndipo wokonza mawotchi wodziwa ntchito akhoza kuichepetsa liwiro. Yesaninso kuigoneka chagada usiku wina, cham'mbali usiku wina, muone mmene manambala akusinthira. Wotchi imeneyi imadzaza mphamvu dzanja likamagwedezeka, choncho ngati mumakhala pa desiki tsiku lonse dzanja losagwedezeka, muziipukusako kachitsulo ka m'mbali mwake ndi zala m'mawa. Ikadzaza imayenda pafupifupi maola 41.

Chondidetsa nkhawa ndi wotchi imene yayamba mwadzidzidzi kuthamanga mphindi zingapo pa tsiku. Yanga inatero chaka chatha, ndipo mtima unandipweteka. Ndinkaivula n'kuiika pamwamba pa sipika ya wailesi, osadziwa kuti maginito akumatiriza kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi kam'katimo. Nditaisendeza pafupi ndi kampasi, muvi unapotoka pomwepo. Wokonza anaichotsa maginito osaitsegula n'komwe.

Ndipo poti yanu ikadali pa waranti, musalole munthu aliyense kutsegula kumbuyo kwake. Kope lanu likasonyeza manambala odumphadumpha kapena opitirira 45, bwererani nalo komwe munagula, lisiti lili m'manja.